Nyenyezi zobuka usiku umodzi: mafunso ndi mayankho pa kulondera ma dwarf nova

Pali nyenyezi zina zimene zimakhala masabata angapo zili zii, zofooka moti ngakhale pa telesikopu umachita kutsinzina diso limodzi kuti uzione. Ndiye tsiku lina ukaloza pamalo omwewo umapeza zabuka ngati moto wa tchire, zikuwala kuposa anzake onse oyandikana nazo. Akatswiri amazitcha ma dwarf nova. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa akandipeza panja usiku ndili ndi telesikopu ndi kope m'manja.

Kodi dwarf nova n'chiyani kwenikweni?

Ukaiyang'ana imaoneka ngati kadontho kamodzi, koma ndi nyenyezi ziwiri zimene zikuzungulirana moyandikana kwambiri. Imodzi ndi white dwarf, chitsa cha nyenyezi imene inatha moto wake kalekale. Kukula kwake ndi ngati dziko lathuli, koma kulemera kwake kumayandikira kwa dzuwa. Inayo ndi nyenyezi yofiira, yozizirirapo, yocheperapo kuposa dzuwa. Ziwirizi zimamaliza kuzungulirana m'maola ochepa chabe: mwachitsanzo, dwarf nova yotchedwa SS Cygni imatenga maola 6.6, U Geminorum maola 4 ndi mphindi zochepa, pamene VW Hydri imatenga mphindi 107 zokha.

Chifukwa cha kuyandikanaku, white dwarf imakoka mpweya wa mnzakeyo. Mpweyawo sugwera molunjika. Umayamba wazungulira kaye n'kupanga chinthu chonga nkhata yophwatalala kuzungulira white dwarf, ndipo umatsetsereka pang'onopang'ono kulowera pakati. Nkhata imeneyi ndiyo mwini nkhani yonse. Tikamati nyenyezi yabuka, chimene chawala kwenikweni ndi nkhatayo.

Dzinali likufanana ndi nova. Kodi ndi chinthu chimodzi?

Ndi pachibale koma si chimodzi. Pa nova yeniyeni, mpweya wa haidrojeni umene waunjikana pamwamba pa white dwarf umayaka moto wa nyukiliya n'kuphulika, ndipo kuwala kumakwera kambirimbiri, nthawi zambiri kupitirira ka 10,000. Chitsanzo chodziwika ndi T Coronae Borealis imene inaphulika mu 1866 ndi mu 1946. Pa dwarf nova palibe moto wa nyukiliya. Kuwalako kumachokera ku kutentha kwa mpweya umene ukugwera pa white dwarf, ndipo kumakwera ka 10 mpaka ka 100, nthawi zina kupitirirapo. Ubwino wake kwa ife olondera ndi wakuti zimabwerezabwereza. Simudikira zaka 80. Ena mwa ma dwarf nova amabuka mwezi ndi mwezi.

Nanga chimachititsa kubukako n'chiyani?

Amene analimapo pamtsetse aimva msanga. Mvula ikamagwa, madzi amadikha kuseri kwa mzere. Amachuluka pang'onopang'ono, mzere uli chigwirire, mpaka pamene wakhuta n'kugumuka, madzi onse n'kukhamukira kumunsi nthawi imodzi. Kenako pamakhala bata, madzi n'kuyambanso kudikha.

Nkhata ya mpweya ija imachita chimodzimodzi. Ikakhala yozizira, mpweya suyenda msanga kulowera pakati, choncho umene ukuchokera kwa nyenyezi yofiira umangounjikana. Ukachuluka umatentha, ndipo kutenthako kukafika pamlingo wakuti haidrojeni wayamba kutaya ma elekitironi ake, chikhalidwe cha mpweyawo chimasinthiratu. Umayamba kukhuzana mwamphamvu, kutenthako kumafalikira nkhata yonse m'maola ochepa, ndipo mpweya umakhuthukira pa white dwarf. Apo ndi pamene ife pansi pano timaona nyenyezi yabuka. Nkhata ikapepukidwa imazizira, kuwala n'kutsika.

Maganizo amenewa anawayambitsa ndi Yoji Osaki wa ku Japan mu 1974. Pa nthawiyo panali mtsutso, chifukwa Geoffrey Bath wa ku Britain ankati vuto lili kwa nyenyezi yofiirayo, kuti ndiyo imalavula mpweya wambiri mwadzidzidzi. Lero akatswiri ambiri ali kumbali ya Osaki, ngakhale kuti si zonse zimene nyenyezizi zimachita zimene zinalongosoledwa mpaka pamapeto. Ine chimene chimandikhudza pankhaniyi n'chakuti mtsutso wotere sukanatheka popanda kaundula wa zaka zambiri wosonyeza tsiku limene nyenyezi inabuka ndi limene inazilala, ndipo kaundula ameneyo analemba ndi anthu wamba oima panja usiku.

Anayamba kuziona ndani?

Woyamba anali John Russell Hind, ku London, mu Disembala 1855. Iye ankasaka timiyala tozungulira dzuwa, ndipo anadabwa kuona nyenyezi yowala m'gulu la Gemini pamalo pamene mapu ake sankasonyeza kanthu. Patapita masiku inazilala. Mu 1856 inaonekanso, anthu n'kuzindikira kuti iyi si nova wamba. Imeneyo ndiyo U Geminorum. Yachiwiri, SS Cygni, anaipeza mayi Louisa Wells mu 1896 pofufuza zithunzi za kuthambo ku Harvard College Observatory, ndipo chiyambire chaka chimenecho anthu sanaleke kuilondera.

Zoti ndi nyenyezi ziwiriziwiri zinadziwika mochedwa. Alfred Joy anasonyeza zimenezi pa SS Cygni mu 1956, ndipo Robert Kraft, m'zaka za m'ma 1960, anaonetsa kuti banja lonseli ndi lotero.

Kodi zonse zimabuka mofanana?

Ayi, ndipo kukoma kwa ntchitoyi kuli pamenepa. Za mtundu wa U Geminorum ndi SS Cygni zimabuka, kukhala pamwamba masiku angapo, n'kutsika. SS Cygni imabuka pafupifupi masiku 50 alionse, ndipo kubuka kwake kwina kumakhala kwakufupi, kwa sabata imodzi, kwina kwakutali, kwa masabata awiri. U Geminorum imadikira masiku ngati 100. Koma manambalawa ndi ongoyerekeza pakatikati. Nyenyezizi zilibe kalendala. Ikhoza kufulumira, ikhoza kuchedwa.

Za mtundu wa Z Camelopardalis zili ndi khalidwe lina. Potsika zimatha kuima panjira, osafika pansi, osabwerera pamwamba, n'kukhala pomwepo masabata, miyezi, ngakhale kupitirira chaka.

Za mtundu wa SU Ursae Majoris zimabuka pang'ono kangapo, kenako n'kudzabuka kwakukulu kumene kumawala kwambiri ndi kukhalitsa pafupifupi masabata awiri. VW Hydri ya kumwera ndi ya gulu limeneli: kubuka wamba kumabwera pafupifupi mwezi ulionse n'kutha m'masiku ochepa, kwakukuluko kumabwera pakatha miyezi ngati 6. Pa kubuka kwakukuluko kuwala kumagundagunda pang'ono ngati mtima, pa nthawi yotalikirako pang'ono kuposa imene nyenyezi ziwirizo zimazungulirana. Akatswiri amati superhump. Zimenezi zinayamba kuoneka pa VW Hydri yomweyi mu Disembala 1972, ndipo mmodzi mwa amene anaziona anali Brian Warner wa ku University of Cape Town, amene anathera zaka zambiri za moyo wake pa nyenyezi za mtunduwu.

Palinso zaulesi kwambiri ngati WZ Sagittae, imene inabuka mu 1913, 1946, 1978 ndi 2001. Poona zaka zitatu zoyambazo anthu ankayembekeza kuti idikira zaka zoposa 30, koma inabwera patangotha zaka 23, ndipo amene anaipezerera mu Julayi 2001 anali munthu wongokonda nyenyezi wa ku Japan.

Mumakamba za magnitude. Ndi muyezo wanji?

Ndi muyezo wa kuwala kwa nyenyezi, ndipo umayenda chobwerera: nambala ikakula, nyenyezi ndi yofooka. Maso a munthu pamalo a mdima weniweni amafika pa 6. Kusiyana kwa magnitude imodzi ndi kuwala kochuluka ka 2.5, ndipo kusiyana kwa 5 ndi ka 100. SS Cygni ikagona imakhala cha pa 12, ikabuka cha pa 8, kutanthauza kuti yawala pafupifupi ka 40. U Geminorum imachoka pa 14 kufika pa 9. VW Hydri imachokanso cha pa 14, ndipo pa kubuka kwakukulu imafika pakati pa 8 ndi 9.

Ndingazione ndi maso okha? Ndifunika zida zanji?

Ndi maso okha ayi. Mabainokyula a 10x50, mutawatsamiritsa pampanda kapena pa mpando kuti asagwedezeke, angakuonetseni SS Cygni ikabuka ngati kuthambo kuli koyera. Telesikopu ya masentimita 10 mpaka 15 imakuonetsani SS Cygni ngakhale itagona. Kuti muone U Geminorum kapena VW Hydri zili pansi pamafunika ya masentimita 25 kapena kuposa, koma musade nkhawa ndi zimenezo, chifukwa kulondera kubuka sikulira kuti muziiona nyenyeziyo itagona.

Kuwonjezera apo mufunika mapu a nyenyezi, kope, pensulo, wotchi yolondola ndi tochi yofiira. Tochi wamba mutaikuta ndi pepala lofiira la pulasitiki imagwira ntchito. Foni ikhale m'thumba. Kuwala kwake kumawononga m'kamphindi zimene maso anu anatenga mphindi 20 kuti azolowere.

Mapu amapezeka mwaulere pa intaneti ku AAVSO, bungwe la ku America la olondera nyenyezi zosinthasintha limene linayamba mu 1911. Mumalemba dzina la nyenyezi, n'kusankha kukula kwa dera, mapu n'kutuluka. Asindikizeni papepala.

Kwathu kuno tingaone ziti, nyengo yanji?

Malo athu ndi abwino chifukwa timaona kumpoto ndi kumwera komwe. Kwa munthu amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, SS Cygni imakwera madigiri ngati 32 kumpoto, ndipo imakhala pabwino madzulo kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, m'mphepete mwa Mlalang'amba, kum'mawa kwa nyenyezi yowala ija yotchedwa Deneb. Ndi nyengo yopanda mitambo, koma utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba m'munsi mwa thambo, choncho dikirani nyenyeziyo ikwere pamwamba penipeni pa njira yake.

VW Hydri ili kumwera, pakati pa timitambo tiwiri toyera tija totchedwa ndi dzina la Magellan, ndipo nayonso imakwera madigiri ngati 32. Madzulo imakhala pamwamba mu Disembala ndi Januwale, m'kati mwa dzinja, choncho ndi bwino kuyamba nayo mu Sepitembala, m'mbandakucha, tambala asanalire. Abale amene ali ku Johannesburg ali ndi mwayi, chifukwa kumeneko siilowa chaka chonse. Imeneyi ndiyo ndimalimbikitsa kwambiri, poti anthu a ku Ulaya, ku United States ndi ku Canada sangaione n'komwe, ndipo olondera a kumwera kwa dziko ndi ochepa.

U Geminorum ili m'gulu la Gemini, kumpoto chakum'mawa kwa Akamwiniatsatana, ndipo nyengo yake ya madzulo ndi Febuluwale ndi Malichi. Mvula ikakata usiku, thambo limakhala lotsukidwa bwino kuposa nthawi ina iliyonse. Musataye mpata wotere. Z Camelopardalis isiyeni, ili kumpoto kwambiri moti kuno imangosuzumira pamwamba pa mitengo. Amene muli ku Britain ndiyo yanu, pamodzi ndi SS Cygni.

Kuyeza kuwala ndi maso kumatheka bwanji?

Pamapu paja, nyenyezi zina zoyandikana ndi yanuyo zili ndi manambala. Zimenezo kuwala kwake sikusintha ndipo kunayezedwa kale. Manambalawo amalembedwa opanda kadontho kuopa kuti mungakayese nyenyezi, choncho 105 ndiye kuti 10.5. Mumasankha imodzi yowala pang'ono kuposa yanuyo ndi ina yofooka pang'ono, n'kufunsa diso lanu kuti yanuyo ili pati pakati pa ziwirizo. Ngati ili pakatikati pa 86 ndi 92, mulemba 8.9. Ngati yapendekera kwa yowalayo, mulemba 8.8 kapena 8.7.

Poyamba zimaoneka ngati kulota, koma diso limaphunzira. Ntchito yovuta zedi si kuyezaku ayi, koma kupeza malo ake. Usiku wanga woyamba ndinatha ola lathunthu ndikudumpha kuchoka pa nyenyezi ina kupita pa ina, mapu ndikuwatembenuza uku ndi uku chifukwa telesikopu imaonetsa zinthu chadodolido. Patatha sabata ndinkafikapo m'mphindi imodzi, ngati njira ya kumjigo.

SS Cygni ndinaiona itabuka koyamba usiku wina wa Sepitembala magetsi atazima dera lonse. Kwa masabata asanu ndinali nditazolowera kakang'ono kotuwa pakati pa anzake. Usiku umenewo ndinaika diso, n'kudzudzuka, kuganiza kuti ndasochera, chifukwa pakati pa dera lija panali nyenyezi yoyera mbee, yobiriwirako pang'ono, imene dzulo lake panalibe. Ndinabwerera pa chiyambi, n'kutsatanso njira yonse, n'kufika pomwepo. Manja ankanjenjemera polemba 8.5.

Ngati ndayang'ana koma sindikuiona, ndilembe chiyani?

Lembani ndithu, ndipo funso limeneli ndilo lofunika kuposa onse patsamba lino. Yang'anani nyenyezi yofooka kwambiri ya nambala imene mukutha kuiona bwinobwino. Ngati ndi ya 131, mulemba kuti yanuyo ndi yofooka kuposa 13.1, ndipo chizindikiro chake ndi <13.1.

Anthu ambiri amaona ngati usiku wotere wapita pachabe. Sichoncho. Tiyerekeze kuti munthu wa ku New Zealand wapeza VW Hydri itabuka. Funso loyamba la akatswiri likhala lakuti yayamba liti. Ngati inu munaiyang'ana maola 10 m'mbuyomo n'kulemba kuti sinali kuoneka, mwatsekera nthawi ya chiyambi chake m'kampata kakang'ono. Popanda mzere wanu uja, kubukako kukhoza kukhala kuti kunayamba dzulo kapena dzana, palibe angadziwe. Nyenyezizi zimakwera kuchoka pansi kufika pamwamba m'tsiku limodzi kapena kucheperapo, choncho maola ali ndi kanthu. Pa mizere 10 ya m'kope langa, yambiri ndi ya kusaona, ndipo ndimailemba ndi mtima womwewo umene ndimalembera ya kubuka.

Ndi zolakwa ziti zimene oyamba kumene amachita?

Chachikulu ndi kuona chimene mtima ukufuna. Ndinachitapo zimenezi. U Geminorum inali itapitirira masiku 100 osabuka, ine n'kumati lero ndi lero. Usiku wina, kuli kamtambo kopyapyala, ndinaona kadontho pamalo pake, n'kulemba 12.0 ndili wosangalala kuti ndaigwira ikuyamba kukwera. Mawa lake kutayera ndinapeza kuti kadontho kaja kanali nyenyezi ina yoyandikana nayo, imene imakhalapo masiku onse. Zinandipweteka, chifukwa ndinali nditatumiza kale. Ndinafufuta, ndipo kuyambira pamenepo sindiyang'ana zimene ena alemba kapena kuwerenga masiku ndisanapite panja. Ndimayamba ndayeza, kuona za ena pambuyo.

Zina ndi izi: kusokoneza nthawi, kugwiritsa ntchito mapu akale amene manambala ake anasinthidwa, ndi kuyeza mwezi uli pafupi osalemba kuti unalipo. Pa za nthawi, malipoti amayendera Universal Time, nthawi imodzi ya dziko lonse, ndipo ife ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa tili patsogolo ndi maola 2. Mukayeza 1 koloko usiku, deti litasintha kale kukhala pa 10, ndiye kuti ndi 23:00 ya pa 9. Ngati mukukayika pa muyezo wanu, pali malo olembapo kuti mukukayika. Palibe amene angakunyozeni chifukwa cha zimenezo.

Ndikaipeza itabuka nditani?

Tsimikizani kaye. Onaninso mapu, dikirani mphindi 15, yang'ananinso. Ngati kadonthoko kasuntha, si nyenyezi yanu. Mukakhutira, lembani dzina, tsiku, nthawi, muyezo, nyenyezi zimene mwafanizira ndi nambala ya mapu, n'kutumiza ku AAVSO usiku womwewo. Kulembetsa kuti mukhale wotumiza malipoti n'kwaulere, ndipo amakupatsani zilembo zanuzanu zokuzindikiritsani. Ngati ndi nyenyezi yobuka mwa apo ndi apo, uthenga umafalikira msanga kudzera ku VSNET, gulu lofalitsa mauthenga otere pa intaneti la ku Kyoto ku Japan. Mukatero musagone msanga. Yezaninso pakatha ola, chifukwa ngati ikukwera mudzaona kusintha usiku womwewo.

Masiku ano kuli makina ojambula thambo lonse. Diso la munthu lidakali ndi ntchito?

Makina ngati ASAS-SN apeza ma dwarf nova atsopano ambirimbiri, ndipo zimenezo n'zosangalatsa. Koma makina otere amabwerera pa nyenyezi imodzi pakapita nthawi, ndipo kumene ali kumachanso, kumachitanso mitambo. Munthu amene watenga nyenyezi zisanu kukhala zake, n'kumaziona usiku ulionse, amatseka mipata imene makina amasiya.

Nkhani ya mtunda wa SS Cygni ikuonetsa bwino. Muyezo wa telesikopu ya Hubble unasonyeza kuti nyenyeziyi ili kutali moti kuwala kwake kumayenda zaka ngati 520 kuti kutifike. Zikanakhala zoona, ndiye kuti ndi yowala kwambiri moti nkhata yake ikanakhala yotentha nthawi zonse, osabuka n'komwe, ndipo maganizo a Osaki aja akanagwa. Katswiri wina, James Miller-Jones, ndi anzake anaganiza zoyezanso ndi matelesikopu a wailesi, koma SS Cygni imatulutsa mafunde a wailesi amphamvu kwa kanthawi kochepa, pamene yangoyamba kubuka. Anadalira olondera a AAVSO kuti aziwatsina khutu ikangoyamba kukwera. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013, zinati zaka ngati 370, ndipo vuto lija linatha.

Kumwera kuno tili ndi otitsogolera. Albert Jones wa ku New Zealand anayeza ndi maso koposa ka 500,000 pa moyo wake. Danie Overbeek wa ku South Africa anapitirira ka 250,000, ambiri mwa iwo pa nyenyezi za mtundu womwe uno, ali pakhomo pake pafupi ndi Johannesburg. Bungwe la Astronomical Society of Southern Africa, limene linayamba mu 1922, likadalipo ndipo lili ndi anthu a ntchito imeneyi.

Nanga kamera?

Amene ali nayo yolumikiza ku telesikopu angachite zimene diso silingathe, monga kujambula nyenyezi imodzi mphindi iliyonse usiku wonse kuti aone ma superhump, kapena kuona U Geminorum ikuthima pang'ono nyenyezi yofiira ikadutsa kutsogolo kwa nkhata. Gulu la Center for Backyard Astrophysics limasonkhanitsa ntchito yotere. Komabe yambani ndi diso, muidziwe kaye nyenyezi yanu.

Kodi kubukaku kungativulaze?

Ayi. Zili kutali kwambiri, ndipo kuziyang'ana pa telesikopu sikuwononga maso.

Ndiyambe ndi iti, ndipo ndidikira nthawi yaitali bwanji?

Ngati ndi nyengo ya chilimwe, yambani ndi SS Cygni. Ndi yowala, anthu ambiri amaiyeza moti mudzatha kufanizira miyezo yanu ndi yawo, ndipo mukailondera miyezi iwiri mosadumphitsa n'zovuta kuti muiphonye. Mukaizolowera onjezani VW Hydri m'mbandakucha. Sindikizani mapu awiri pa nyenyezi iliyonse, a dera lalikulu opezera malo ndi a dera laling'ono oyezera, muwaike m'pulasitiki chifukwa cha mame. Masiku a mwezi wathunthu yang'ananibe. SS Cygni ikakhala pa 8 imaoneka ngakhale kuli mwezi, ndipo ikapanda kuoneka mulemba nambala ya nyenyezi yofooka imene mwaiona, ndi mawu akuti kunali mwezi.